Wotukula ndi Wotukulidwa

Mwa aneni onse amene ophunzira amakumana nawo m'mabuku a mbiri yakale, palibe wofunika kumuyang'anitsitsa kuposa mneni wa Chingerezi uja woti "civilise". Kawirikawiri mphunzitsi akafika pa liwuli amangoti tanthauzo lake ndi kutukula anthu kapena kuwatsegula m'maso, ophunzira nalemba m'makope mwawo, phunziro n'kupitirira. Koma mneni ameneyu ali ndi mlandu. Analanditsa anthu minda, anawasenzetsa thangata, ndipo kufikira lero akuchititsabe ana ena manyazi ndi makolo awo.

Gwero la mneniyu ndi liwu la Chilatini loti "civis", kutanthauza nzika, munthu wokhala pamodzi ndi anzake pansi pa lamulo limodzi. Pachiyambi tsono nkhani inali ya kukhalirana bwino pakati pa anthu. Dzina loti "civilisation", limene ambiri amalimasulira kuti chitukuko, si lakale kwenikweni. Linayamba kuoneka m'mabuku a ku France cha m'ma 1750, ndipo mu 1772 Samuel Johnson, mlembi wa mtanthauziramawu wotchuka wa Chingerezi, anakana kuliika m'buku lake. Liwuli linakula pa nthawi yomwe maiko a ku Ulaya ankafunafuna maiko a eni oti awalamulire, ndipo linakula ndi khalidwe la nthawi imeneyo.

Wophunzira aliyense wa malamulo a chiyankhulo amadziwa kuti mneni woyambukira amafuna mwininkhani ndi pamtherankhani. Apa ndi pamene pagona vuto. Munthu akangoti "anabwera kudzawatukula", wagawa kale anthu pawiri: wina ali chiimire pamwamba, wina ali gone pansi kudikira dzanja lomudzutsa. Mlandu waweruzidwa mboni zisanayankhule. Wotukulidwayo safunsidwa ngati anagwadi, kapena ngati akufuna kupita kumene akumunyamulira. Akakana, kukana kwakeko kumasanduka umboni woti ndi mbuli yofunika kuitukula ndi chikoti.

Mbiri ikuchitira umboni. Pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, maiko a ku Ulaya anagwirizana za malamulo otengera zigawo za Africa, ndipo m'pangano lawo analonjeza kubweretsa madalitso a chitukuko kwa eni nthaka. Pa msonkhanowo panalibe mfumu ya mu Africa ndi imodzi yomwe. Mfumu Leopold II ya ku Belgium, imene inkatchula chitukuko koposa onse, inatenga dziko la Congo ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908. Kumeneko midzi yolephera kukwanitsa mlingo wa mphira inkatenthedwa, ndipo anthu, ngakhale ana, ankadulidwa manja. Ngati chimenecho chinali chitukuko, kodi nkhanza zikanakhala zotani?

Mneniyu analowanso m'malamulo. Ku Mozambique, Apwitikizi powerenga anthu ankawagawa m'magulu awiri, otukuka ndi osatukuka. Munthu wakuda wofuna kulowa m'gulu loyamba ankayenera kuyankhula ndi kulemba Chipwitikizi, kusiya miyambo ya makolo ake ndi kukhala ngati Mzungu. Pofika 1950, anthu akuda ololedwa m'gululi sanakwane 5,000 mwa anthu oposa 5 miliyoni. Otsalawo ndiwo ankagwidwa kukagwira ntchito yokakamiza. Dongosolo limeneli linathetsedwa mu 1961. Naye Cecil Rhodes ankalalikira za ufulu wofanana kwa munthu aliyense wotukuka kumwera kwa mtsinje wa Zambezi. Mawuwo amamveka okoma, koma wogwira muyeso wa chitukukocho anali iye mwini ndi anzake. Nyimbo yomweyo inaimbidwanso m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene anthu ochuluka anamanidwa voti ati chifukwa sanafike pa muyeso wa maphunziro ndi chuma. Wopima akakhalanso wogula, sikelo silephera kumukomera.

Nanga anthu otchedwa osatukukawo anali otani? David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kuomba nsalu ndi kusula makasu a chitsulo chosungunula okha m'ng'anjo. Zaka mazana angapo m'mbuyo mwake, ufumu wa Maravi unali ndi Kalonga, mafumu aang'ono, mabwalo a milandu ndi malonda ofika kunyanja yamchere. Ku Zimbabwe kuli malinga akuluakulu a miyala omangidwa popanda matope olumikizira. Atsamunda atawaona anakana kuti munthu wakuda angamange zotere, nayamba kupeka nthano za alendo ochokera kutali. Akatswiri ofukula zakale, David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, anatsimikiza kuti omanga ake anali anthu a mu Africa. Komabe ambiri anaumirira bodza lija, pakuti kuvomera choonadi kukanagwetsa mneni amene ulamuliro wawo unatsamirapo.

Ena adzati maganizo awa ndi kusayamika. Adzakumbutsa za sukulu ndi zipatala za mishoni ya Livingstonia ya 1875 ndi ya Blantyre ya 1876, za luso la kulemba ndi kuwerenga, ndi za kutha kwa malonda a akapolo amene ankasakaza midzi ya m'mbali mwa nyanja. Zonsezi ndi zoona, ndipo wozikana ndi wabodza. Ndi zoonanso kuti ena mwa ogwira ndi kugulitsa akapolo anali mafumu a konkuno. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kulandira lumo kwa mlendo sikutanthauza kuti mwini mudzi sanali munthu mlendoyo asanafike. Azunguwo nawonso analandira manambala kuchokera ku India kudzera mwa Aluya, ndipo luso lopanga mapepala linachokera ku China, koma palibe buku lawo la sukulu lonena kuti iwo anali nyama zakutchire kufikira Mtchaina atawatukula. Iwo akalandira nzeru kwa ena amati aphunzira. Wakuda akalandira kwa iwo amati watukulidwa. Kusiyana kwa aneni awiriwa ndiko tsankho lenilenilo.

Komanso wodzitcha mphunzitsi wa makhalidwe ayenera kuyesedwa ndi muyeso wake womwe. Maiko amene ankadzitama ndi chitukuko ndiwo anaphana mamiliyoni pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nakokeramo anthu a ku Nyasaland ngati asilikali ndi amtengatenga. Mbusa John Chilembwe, munthu wophunzira ku America, wovala suti ndi womanga tchalitchi cha njerwa ku Mbombwe, analemba kalata yodandaula za magazi a anthu ake okhetsedwa pa nkhondo ya eni. Iye anali atakwaniritsa zonse zimene Azungu ankati ndiye chitukuko, koma dandaulo lake silinamvedwe, ndipo mu January 1915 anaukira boma.

Chomvetsa chisoni n'chakuti atsamunda anapita koma mneni wawo anatsala m'kamwa mwa eni dziko. Mnyamata wa Fomu 4 amatcha agogo ake osatukuka chifukwa amadya nsima ndi manja ndiponso sadziwa Chingerezi, chonsecho fizi yake yachokera ku mtedza wa agogo omwewo. Wa m'tauni akafuna kunyoza mnzake amati ndi wachimidzimidzi. Munthu wa galimoto amatukwana nkhalamba pamsewu, nataya zinyalala pawindo, koma iye ndiye amatchedwa wotukuka. Mayi wa kumudzi wolera ana amasiye asanu m'nyumba yaudzu amatchedwa wotsalira. Pamenepa liwu lasokonezeka mutu, pakuti likuyeza katundu m'malo moyeza munthu. Tanthauzo loyamba lija la kukhalirana bwino pansi pa lamulo limodzi lili pafupi ndi mayiyo kuposa mwini galimoto, ndipo Chichewa chili nalo kale dzina lake: umunthu.

Sikuti liwu loti kutukula lichotsedwe m'chiyankhulo. Munthu angathe kutukula ulimi, malonda kapena sukulu ya kwawo. Cholakwika ndi kuika mtundu wa anthu pa malo a pamtherankhani ngati kuti ndi thumba la chimanga. Misintho ya aneni m'Chichewa imapereka njira zabwino zimene mneni wa Chingerezi uja alibe. Pali kutukuka, kumene anthu amachita okha ndi nzeru zawo ndi zobwereka. Palinso kutukulana, kumene aliyense ali wopereka ndi wolandira. Anthu okweza denga la nkhokwe amaima mozungulira, onse pansi, nanyamula pamodzi, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Choncho wophunzira akapeza mneni ameneyu m'buku, m'nyuzipepala kapena m'funso la mayeso, asathamangire kumulemba m'kope. Ayambe wafunsa kuti mwininkhani ndani, pamtherankhani ndani, wagwira muyeso ndani, ndipo munda unatsala m'manja mwa yani ntchito yotukulayo itatha.