Thanzi azimwedwa kunyumba, ulendo wa ku Mua usanayambe

Mvula ikayamba kuchigwa kwa Golomoti, zitsime zimadzaza matope ndipo ana amatsegula m'mimba motsatizana. Makolo ambiri amathamangira kugolosale kukagula Flagyl kapena Bactrim, ena amapita kwa asing'anga kukamata mankhwala paliwombo lomwe lalowa. Paketi ya Thanzi, ufa wa shuga ndi mchere wosungunula m'madzi, imakumbukika pomaliza, mwana atalefuka kale pa kabaza wopita kuchipatala cha Mua. Ine ndikuti tazondotsa zinthu: Thanzi ayenera kukhala m'nyumba mwana asanadwale, ndipo ayambe kumwedwa pa chimbudzi chamadzi choyamba.

Chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba nthawi zambiri ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Liwombo lolowa lija, maso olowa, mkamwa mouma, kulira kopanda misozi, zonsezi zikuonetsa kuti madzi atha, ndipo chomata pamutu sichingawabwezeretse. Shuga amene ali mu Thanzi amathandiza mchere kudutsa m'matumbo kulowa m'magazi, madzi nkutsatira mcherewo, ngakhale matumbowo akudwala. Mu 1971, pa nkhondo ya Bangladesh, madiripi atasowa pamsasa wa othawa kwawo ku India, dokotala Dilip Mahalanabis anamwetsa odwala kolera madzi a shuga ndi mchere, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu 30 mwa 100 alionse kufika pa anayi okha.

Amayi ena amati Thanzi saletsa kutsegulako. Akunena zoona, koma imeneyo si ntchito yake. Iye amasunga mwana wamoyo mpaka matenda atadutsa. Chofupikitsa matendawo ndi mapiritsi a zinki, omwe WHO ndi UNICEF akhala akulangiza kuyambira 2004 kuti mwana amwe masiku 10 mpaka 14. Bactrim alibe mphamvu pa mavairasi, omwe ndi amene amatsegulitsa makanda ambiri, choncho ndalama yogulira mankhwalawo imangotayika. Ena amati mwana akusanza, adzangotaya. Dikirani mphindi 10, kenaka mumwetseni ndi supuni pang'onopang'ono, bere osamuletsa. Dandaulo lomveka kwambiri ndi la madzi, chifukwa paketi imodzi imafuna lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo otsala amatayidwa pakatha maola 24. Nkhuni ndi zovuta, inde, koma kuwiritsa lita imodzi sikumaliza mtolo.

Sindikuti chipatala chisiyidwe. Mwana wokanika kumwa, wosadzuka, wa chimbudzi cha magazi, kapena chamadzi ngati otsukira mpunga, apite msanga, akumwa m'njira ngati angathe. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Nchifukwa chake alangizi a zaumoyo a kwa Kachindamoto apatsidwe mapaketi ndi zinki okwanira mu Okutobala, agawe khomo ndi khomo kuyambira Golomoti mpaka Mtakataka, mitsinje isanadzaze nkudula njira za m'midzi.