Dzitho Kapena Luso? Mlandu wa Pontiac GTO ndi Porsche 911

Tsiku lina, nditangomaliza phunziro la sayansi m'kalasi la Fomu 4, anyamata awiri adanditsatira mpaka pakhomo la chipinda cha aphunzitsi, aliyense atagwira chithunzi cha galimoto. Wina adali ndi chithunzi cha Pontiac GTO, chigalimoto chachitali ndi chotambalala cha ku America. Mnzakeyo adali ndi cha Porsche 911, kagalimoto kakang'ono kobulungira msana ka ku Germany. Adali atakangana chiyambire m'mawa, ndipo adafuna kuti ine ndiwaweruze. "Aphunzitsi," adatero wamkuluyo, "tatiuzani, pa ziwirizi yoposa inzake ndi iti?" Ndisadayankhe belu lidalira, ndipo ndidatsala ndi ngongole. Lero ndafuna kuibweza pamaso pa awerengi onse, chifukwa funso la anyamatawa ndi lachibwana pamwamba pokha. Kunsi kwake kwagona nkhani ya m'mene anthu amathetsera mavuto awo.

Ndiulule poyamba pomwe kuti ine ndaima kumbali ya kagalimoto ka ku Ulaya. Komabe woweruza wabwino sagamula mlandu asadamve mbali zonse. Choncho tiyeni tiyambe taona kumene magalimoto awiriwa adabadwira.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya General Motors idali ndi lamulo loletsa kuika injini yoposa malita 5.4 m'magalimoto a msinkhu wapakati. John DeLorean ndi anzake a ku nthambi ya Pontiac adalizemba lamuloli mochenjera. Iwo sadalengeze galimoto yatsopano ayi. Adangonena kuti aliyense wogula Tempest LeMans ya 1964, akawonjezera madola pafupifupi 300, amuikiramo injini ya magalimoto akuluakulu, ya masilinda 8 ndi malita 6.4, yotulutsa mphamvu za akavalo 325. Dzina lakuti GTO adalibwereka kwa Ferrari ya ku Italy. Akuluakulu a zamalonda ankayembekeza kugulitsa magalimoto 5,000 okha, koma m'chaka choyambacho adagulitsa oposa 32,000, ndipo mu 1966 adafika pafupifupi 97,000. Makampani ena ataona izi adathamangira komweko. Dodge adaika injini ya malita 7 ya akavalo 425 mu Charger, ndipo mu 1970 Chevrolet adatulutsa Chevelle ya malita 7.4 ya akavalo 450. Awa ndiwo magalimoto amene eni ake amawatcha muscle car, ife tingati magalimoto adzitho.

Kodi nchifukwa ninji magalimoto otere adabadwira ku America osati kwina? Yankho lili m'misewu ndi m'thumba. Mu 1956 Pulezidenti Eisenhower adasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu ya mailosi 41,000 yolumikiza zigawo za dzikolo, yotakata ndi yowongoka. Petulo adali wotsika mtengo zedi, masenti pafupifupi 30 pa galoni mu 1964. Nawo ana amene adabadwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha adali atangofika pa msinkhu woyendetsa galimoto. Mpikisano umene achinyamatawa ankaukonda udali wachidule: magalimoto awiri amaima mogundizana mapewa, nkuliyatsa liwiro pa mtunda wa kota ya mailo, ndiye kuti mamita 402. Usiku ankachita zomwezo mu msewu wa Woodward Avenue ku Detroit. Pa mtunda wotere palibe pokhota, palibe chitunda. Chofunika nchimodzi chokha, kukankha mwamphamvu.

Ku Ulaya zinthu zidali zosiyana. Misewu yambiri idatsata njira zakale za ngolo, yopapatiza ndi yokhotakhota, yokwera mapiri a Alps ndi kudutsa pakati pa midzi ya miyala. Petulo adali wodula chifukwa cha misonkho, ndipo m'maiko monga France ndi Italy msonkho wa galimoto unkakwera malinga ndi kukula kwa injini. Mipikisano yawonso idali ya mtundu wina. Bwalo lakale la Nürburgring ku Germany, limene lidatsegulidwa mu 1927, limazungulira makilomita oposa 20 m'mapiri ndi m'nkhalango. Mpikisano wa Targa Florio pa chilumba cha Sicily unkachitika m'misewu ya kumapiri, ndipo kuzungulira kamodzi kudali makilomita 72. Mmisiri wa kumeneko sakadatha kungowonjezera injini. Adayenera kufunsa kuti achotse chiyani.

M'dziko lotere ndimo mudabadwa Porsche 911. Idaonetsedwa koyamba ku Frankfurt mu 1963 ndi dzina lakuti 901, koma kampani ya Peugeot itadandaula kuti maina a manambala atatu okhala ndi ziro pakati ngawo, dzinalo lidasinthidwa, ndipo galimotoyi idayamba kupangidwa mu 1964. Injini yake idali ya masilinda 6 ndi malita 2 okha, yozizira ndi mphepo osati madzi, yokhala kumbuyo kwenikweni, yotulutsa akavalo 130. Galimoto yonse inkalemera makilogalamu pafupifupi 1,080, pamene GTO inkayandikira 1,600.

Tsopano tiyeni tiwaike pa sikelo. Tikagawa kulemera ndi mphamvu, tipeza kuti kavalo aliyense wa GTO ankakoka makilogalamu pafupifupi 5, pamene wa 911 ankakoka oposa 8. Nzoona kuti Aamerika nthawi imeneyo ankayeza injini ili yokha pa benchi, yopanda zipangizo zina zimene zimadyako mphamvu, kotero kuti manambala awo adali onenepa; mu 1972, atasintha kayezedwe, manambalawo adaphwa. Ngakhale zili choncho, pa mamita 402 owongoka GTO ikadaisiya 911 m'fumbi. Mnyamata wanga wa chithunzi cha Pontiac pamenepa adalondola, ndipo sindimtsutsa.

Koma kodi ntchito ya galimoto nkuthamanga kokha? Galimoto ili ndi ntchito zitatu: kunyamuka, kukhota ndi kuima. Apa ndipo pamene phunziro la sayansi la tsiku lija likulowera. Mphamvu zimene zili m'chinthu choyenda zimadalira kulemera kwake ndi liwiro lake. Kulemera kukawirikiza kawiri, mphamvuzo nazo zimawirikiza kawiri. Koma liwiro likawirikiza kawiri, zimawirikiza kanayi. Woyendetsa akaponda buleki, mphamvu zonsezo ziyenera kusanduka kutentha. Pa liwiro lofanana, mabuleki a GTO ankayenera kumeza kutentha koposa kwa 911 pafupifupi ndi theka lina. Nanga adali mabuleki otani? Adali a dilamu, omwe aja a Tempest wamba ya banja. Buleki ya dilamu ili ngati mphika wovundikira: kutentha kumatsekeredwa m'kati, ndipo ukaiponda kangapo motsatizana imafooka. Porsche 911 idali ndi mabuleki a disiki ku magudumu onse anayi, ndipo disiki ili ngati mbale yoimika pamphepo, imene imazizira msanga. Jaguar E-Type ya ku Britain idali nawo kale mabuleki otere mu 1961. A Pontiac adawonjezera akavalo, koma zingwe zowagwirira adazisiya zomwe zija.

Pokhota napo nkhani ndi yomweyo. Magudumu akumbuyo a GTO adali olumikizidwa ndi mtanda umodzi wachitsulo, kotero kuti gudumu limodzi likagunda bampu linzakenso limagwedezeka. Injini yolemera yachitsulo idali kutsogolo, ndipo pokhota mphuno ya galimoto inkafuna kupitirira kumene imaloza. Mu 911 gudumu lililonse linkakwera ndi kutsika palokha, matayala nkumagwirabe msewu. Nchifukwa chake kagalimoto ka malita ochepaka kadapambana mpikisano wa Monte Carlo, wa m'misewu ya kumapiri m'nyengo ya chisanu, zaka zitatu zotsatizana: 1968, 1969 ndi 1970. Akulu adati kuthamanga sikufika.

Pali kankhani kena koyenera kukadziwa. M'mwezi wa Malichi 1964, magazini ya Car and Driver idaika pachikuto chake chithunzi chojambula pamanja cha Pontiac GTO ikuthamangitsana ndi Ferrari GTO. Kunena zoona, magalimoto awiriwo sadakumane pa bwalo limodzi. Patapita zaka, Jim Wangers, amene ankatsatsa malonda a Pontiac, adavomera kuti galimoto imene atolankhaniwo adaiyeza liwiro idali itaikidwa mobisa injini yokulirapo, ya malita 6.9. Ophunzira anga ndimawauza kuti nambala imene wakupatsa ndi wogulitsa uziyamba waifunsa kumene yachokera.

Tsono ndisakhale woweruza wokondera. Otsutsana nane ali ndi mfundo zitatu zolemera. Yoyamba ndi ya mtengo. Ku America 911 inkagulidwa madola oposa 6,000, pamene GTO idali pafupifupi theka la mtengowo, ndipo inkanyamula anthu asanu ndi katundu wawo. Mnyamata wogwira ntchito m'fakitale akadatha kuigula, nkumaikonza yekha pakhomo ndi masipanala wamba. Porsche idali ya madokotala ndi maloya. Ubwino umene anthu ochepa okha angaufike uli ndi chilema, ndipo mfundo iyi ndiivomera ndi mtima wonse.

Yachiwiri ndi yakuti nayo 911 sidali yangwiro. Popeza injini idali kumbuyo kwa magudumu, woyendetsa wosazolowera akachotsa phazi pa mafuta ali pakati pokhota, kumbuyo kwa galimoto kunkatha kutembenukira kutsogolo. Amisiri a ku Stuttgart adafika poika zitsulo zolemera m'bampala yakutsogolo kuti aiweteko, ndipo mu 1968 adatalikitsa mpata wa pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamilimita 57. Koma taonani kusiyana kwake: iwo adaliona vuto, nalikonza pang'onopang'ono chaka ndi chaka, osati kulikwirira ndi akavalo ena.

Yachitatu ndi yakuti injini ya ku America idagonjetsa Ferrari pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1966, pamene magalimoto a Ford adatenga malo atatu oyamba. Izi nzoona, ndipo injiniyo idali ya malita 7. Koma idaikidwa m'thupi lotani? GT40 idayambira ku England, pa maziko a galimoto ya Lola. Idali yaifupi mainchesi 40 kuchoka pansi, injini ili pakati, mabuleki ali a disiki. Dzitho lidapambana litavala luso. Umboni umenewu ukuthandiza mbali yanga koposa yawo.

Mlandu weniweni udaweruzidwa ndi nthawi. Mu 1970 boma la America lidakhwimitsa lamulo lochepetsa utsi woipa, ndipo makampani a inshuwalansi adakweza mitengo kwa achinyamata oyendetsa magalimoto adzitho. Kenaka mu Okutobala 1973 maiko a Aarabu adaleka kugulitsa mafuta ku America. Mizere idatalika pa malo omwetsera petulo, ndipo mu 1974 boma lidalamula kuti pasakhale wopitirira mailosi 55 pa ola. Walira mvula walira matope: amene adafuna injini yaikulu adapezeka ali ndi mimba yaikulu yoti aidyetse. Chaka chomwecho cha 1974 GTO idaleka kupangidwa, ndipo ngakhale dzinalo lidabwererako kwa kanthawi mu 2004, nthambi yonse ya Pontiac idatsekedwa mu 2010. Porsche 911 idapitirira osaduka, ndipo mu 2017 idakwana 1,000,000.

Sindikunena kuti dzitho lidafa. Mu 2023, chaka chake chotsiriza, Dodge Challenger idatuluka ndi mtundu wina wa akavalo 1,025. Koma onani kumene amisiri a ku America adalowera: Ford Mustang ya 2015 idasiya mtanda wachitsulo uja, magudumu ake akumbuyo nkuyamba kuyenda lililonse palokha, ndipo Chevrolet Corvette ya 2020 idasamutsira injini pakati. Ndipo poti choonadi sichisankha mbali, ndinenenso kuti 911 yamakono yanenepa mpaka kupitirira makilogalamu 1,500, kuyandikira GTO yakale ija. Mphunzitsi naye amatha kuiwala phunziro lake.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, chigamulo changa nchotere. Galimoto yadzitho idali yankho labwino pa funso limodzi, lofunsidwa m'dziko limodzi, pa nyengo imodzi ya petulo wotsika mtengo. Nyengoyo itasintha, yankholo lidagwa. Galimoto ya ku Ulaya idabadwa m'kusowa, ndipo kusowako kudakakamiza amisiri kuganiza. Munthu akakumana ndi vuto, maganizo oyamba kufika ndi akuti awonjezere: ndalama zina, anthu ena, zipangizo zina. Njira imeneyi imayenda pokhapokha nkhokwe ili yodzaza. Funso lovuta, limene limasiyanitsa mmisiri ndi wongogula zitsulo, ndi lakuti: kodi pano cholemera mopanda phindu nchiyani, ndipo ndikafika pokhota ndidzatha kuima?

Anyamata anga aja ndikawapeza ndidzawauza kuti onse awiri asunge zithunzi zawo. Wa Pontiac apambane pa mamita 402 oyamba. Ulendo wotsalawo ngwa mnzake.