Malangizo a Paulendo: Kucoka ku Chama Kupita ku Malawi pa Njinga

Mpunga wa ku Chama ukalowa m'nkhokwe ndipo mitsinje ikaphwera, ambiri amakumbuka abale ao a ku Mzimba, ku Rumphi ndi ku Mzuzu. Ndalama ya galimoto ikasowa, njinga ilipo, ndipo palibe mtunda umene ungaikanike. M'caka ca 2003 anthu a m'maiko osiyanasiyana anayamba ulendo wochedwa Tour d'Afrique, kuchova njinga kucoka ku Cairo kukafika ku Cape Town, makilomita pafupifupi 12,000 m'miyezi inai. Koma iwo amatsatidwa ndi magalimoto onyamula zakudya ndi amakanika. Inu galimoto lanu ndi kaliyala, makanika ndinu nomwe. N'cifukwa cace ulendo wotere umakoma kapena kuipa munthu asanacoke pakhomo.

Coyamba ndi njira. Boma la Chama lacita malire ndi Malawi, ndipo tinjira ta m'thengo tilipo tambiri. Tinjirato n'tacidule, koma wodzeramo walowa m'dziko la eni popanda cilolezo. Akagwidwa angathe kulipitsidwa kapena kutsekeredwa, ndipo akadwala kapena kuberedwa amaopa kupita kupolisi. Kuonjezera apo, mbali ina ya malirewo ndi nkhalango ya Vwaza, kumene njobvu zimayenda uku ndi uku. Njira yoyenera ndiyo kutsata mseu wa ku Lundazi, kuturukira pa cipata ca Lusuntha, kulowera pa Mqocha, ndi kukafika pa Jenda pamene pali mseu waukulu wa M1. N'kozungulira ndithu, koma mumayenda mtima uli m'malo.

Caciwiri ndi mapepala. Mzambia safunika viza polowa m'Malawi, koma reji yokha siikwanira. Tengani pasipoti, kapena funsani ku ofesi yoona za olowa ndi oturuka m'dziko ngati mungapatsidwe kalata yodutsira malire, ndipo muonetsetse masiku ndi malo amene kalatayo ikulola. Safunsa anadya phula. Lisiti ya njinga muitengenso, ndipo nambala ya pa felemu muilembe papepala, kuti pa lodibuloko asakuyeseni wakuba. Mapepala onse akhale m'kapulasitiki, m'thumba la mkati. Mpunga kapena mphatso zina muzionetse kwa akasitomu. Nyama ya m'thengo isakhale m'katundu wanu ngakhale kanthuli kamodzi, pakuti ndi mlandu m'maiko onse awiri.

Cacitatu ndi njinga yomwe. Kutatsala mlungu umodzi, ionetseni kwa wokonza njinga: mabuleki, cheni, masipoko ndi matayala. Kenaka imangeni katundu yense amene mudzanyamula ndi kuiyesa tsiku lathunthu, cifukwa bvuto looneka pafupi ndi kwanu n'losabvuta. M'kacikwama muike pampu, chubu capadera, zigamba, sulushoni, sipanala, pulayala, masipoko angapo, mafuta a cheni ndi mphira zomangira. Kaliyala ya njinga ya Buffalo inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 100, koma miyendo yanu sinapangidwe kuti iwakweze phiri tsiku ndi tsiku. Nyamulani zocepa, ndipo zolemera zikhale pansi, zolingana mbali zonse ziwiri.

Cacinai ndi nyengo. Kuyambira Disembala kufikira Marici timitsinje ta m'cigwa ca Luangwa timasefukira, ndipo matope amamata matayala mpaka njinga kukana kuyenda. Mu Okutobala dzuwa limaphetsa. Miyezi yabwino ndi Meyi kufikira Ogasiti. Komabe kumbukirani kuti mukucoka kucigwa kupita kumapiri. Wopita ku Mzuzu amakwera mapiri a Viphya kudzera ku Chikangawa, kumene mu Juni ndi Julaye kumazizira koopsa ndipo nkhungu imaphimba mseu. Bulangete ndi juzi zisatsale. Nyamukani mbandakuca, pumulani dzuwa likafika pamutu, ndipo imani lisanalowe. Pa M1 pamathamanga mabasi ndi malole, motero yendani kumanzere, m'mphepete, ndipo usiku musachove konse.

Cacisanu ndi thupi. Madzi muwatunge pa mjigo, ndipo okayikitsa muwaphitse kapena kuthiramo mankhwala. Mukatsegula m'mimba, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi abwino, n'kumamwa pang'onopang'ono. Tengani neti ya udzudzu. M'cigwa ca Luangwa ndi ca ku Vwaza muli kashembe, amene amafalitsa matenda a kaodzera ndipo amakopeka ndi zobvala zakuda ndi zabuluu, motero bvalani zowala za manja atali. Mukamva kutentha thupi paulendo kapena mutabwerako, pitani kucipatala msanga ndipo muchule kumene munadzera. Kamba wabwino ndi nshawa zokazinga, mbatata yophika ndi cimanga cokazinga.

Ndalama musinthe m'malo obvomerezeka, pakuti kwacha ya Zambia ndi ya Malawi n'zofanana dzina lokha. Muzigawe pawiri, zina m'thumba, zina m'katundu. Pofuna malo ogona m'mudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu ndi kunena kumene mwacokera ndi kumene mukupita. Cisenga ndi Citumbuka n'zapacibale, motero ku Mzimba mudzamvana nao bwino.

Pomaliza, musayende nokha. Awiri amabwerekana pampu, ndipo wina akadwala mnzace amathamangira thandizo. Kunyumba musiye mau a njira yanu ndi tsiku lobwerera, komanso ufa ndi ndalama zokwanira masiku onsewo, kuti ana asagone ndi njala pamene inu mukudya nkhuku ya alendo. Muyende bwino, ndipo mukawapatse moni abale.