Chitseko cha galaja chikakana, musayambe ndi mota

Abale athu ambiri amene ali ku Joni amagwira ntchito m'mayadi a anthu, kutchetcha kapinga, kusamala damu losambiramo, kupenta makoma. Bwana akadina rimoti m'mawa koma chitseko cha galaja osasuntha, galimoto ili mkati ana akuchedwa kusukulu, woyamba kuitanidwa amakhala wa m'yadi yemweyo. Kuno kwathu nyumba zina za ku Area 43 ku Lilongwe ndi ku Namiwawa ku Blantyre zili nazonso zitseko ndi mageti oyendera magetsi. Kulikonseko, chitseko chikangokana, aliyense amaloza chala m'mwamba n'kunena kuti mota yapsa.

Kawirikawiri mota imakhala ilibe mlandu, chifukwa si imene imanyamula chitseko. Chitseko chamatabwa cha galaja ya magalimoto awiri chikhoza kulemera kupitirira makilogalamu 100. Chimene chimasenza kulemera konseko ndi sipuling'i, kaya yopotedwa pa chitsulo chopingasa pamwamba pa khomo, kaya zokoka za m'mbali pa zitseko zotukuka chathunthu. Ntchito ya mota ndi kungokankha ndi kukoka chinthu chimene chapepuka kale. Masipuling'i ambiri amapangidwa kuti atsegule ndi kutseka maulendo 10,000. Pakhomo pamene amatsegula kanayi patsiku, ndiye kuti zaka zisanu ndi ziwiri sizikwana bwinobwino. Sipuling'i ikamaduka imalira ngati mfuti, ndipo mukayang'ana mumaona mpata pakati pa mapindi ake.

Ndiye mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi manja, zida zili m'thumba. Chitseko chili chotseka, amakoka kachingwe kofiira kolendewera kamene kamalekanitsa chitseko ndi mota. Kenako amachitukula mpaka m'chiuno n'kuchisiya. Chikaima pomwepo, sipuling'i ili bwino. Chikagwa, kapena chikafuna anthu awiri kuti chinyamuke, vuto lapezeka kale. Chikamagwira penapake, ayang'ane njanji ngati yapindika ndi timateyala ngati tatha kapena tauma. Kachingweko musakakoke chitseko chili m'mwamba, poti ngati sipuling'i yaduka chimatsika chonse kamodzi pa chilichonse chili pansi pake. Ndipo sipuling'i yeniyeniyo, pamodzi ndi zingwe zachitsulo zomangidwa m'munsi mwa chitseko, si za munthu wophunzira. Imapotedwa ndi timitengo tachitsulo topangidwira ntchitoyo. Oyesa ndi sikuludiraiva athyokapo zala ndi nsagwada. Bwana akakakamize chotani, apo mukane.

Chitseko chikayenda bwino ndi manja, m'pamene munthu angatembenukire ku magetsi. Pano, kum'mwera kwa Africa kuno, woyamba kumukayikira ndi batire. M'chaka cha 2023, pamene Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse ku South Africa, mabatire a m'mageti ndi m'magalaja anaona zakuda. Batire ya mtovu ikatheratu moto kambirimbiri isanadzaze, imafa msanga. Mamota ambiri a geti amagwiritsa ntchito batire ya 12V 7Ah, pamene ambiri a galaja ali ndi timabatire tiwiri topereka 24V. Chonyenga chake n'chakuti batire yakufa imatha kuonetsa 12V pa mita ikakhala phee. Muyeze wina akudina rimoti. Nambala ikagwa mwadzidzidzi, chitseko n'kuyenda pang'ono mwaulesi kenako n'kuima, gulani batire. Muyezenso tchaja, imene pa batire ya 12V iyenera kupereka pafupifupi 13.8V, kuopa kupha batire yatsopano ndi tchaja yakufa. Nkhani ya batireyi si yamasewera. Ku California, moto wolusa wa mu 2017 unapha anthu ena amene analephera kutsegula magalaja awo magetsi atazima, ndipo kuyambira pa 1 July 2019 lamulo la kumeneko limafuna kuti mota yatsopano iliyonse ikhale ndi batire.

Vuto lina lili ndi chizindikiro chosasokonekera. Chitseko chimatseguka bwinobwino, koma potseka chimatsika pang'ono n'kubwerera. Pa mamota a Chamberlain ndi LiftMaster nyale imaphethira kakhumi. Apo yang'anani timaso tiwiri toyang'anizana m'munsi mwa khomo, pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi. Kamodzi kamatumiza kuwala kosaoneka, kena kamalandira, ndipo chinthu chikadutsa pakati chitseko chimabwerera. Tsache lotsamira pakhoma, ulusi wa kangaude, fumbi, waya wodyedwa ndi khoswe, kaso kamene kagundidwa ndi wilibala, ngakhale dzuwa lamadzulo lowomba molunjika, zonsezi zimakwanira kuimitsa chitseko. Mukadina batani la pakhoma osalisiya chitseko n'kutsekeka, mwatsimikiza kuti ndi timasoto. Nsalu youma ndi kuwongola pang'ono basi.

Timaso timeneti tinabwera chifukwa cha maliro. Mota ya galaja inayamba mu 1926 ndi C.G. Johnson ku Hartford City, m'chigawo cha Indiana, ndipo kwa zaka zambiri chitseko chinkatha kupanikiza mwana pansi osabwerera. Ana atafa angapo, America inalamula kuti kuyambira mu January 1993 mota iliyonse yatsopano ikhale ndi chitetezo chachiwiri choterechi. Kwathu kuno sizachilendo kupeza chitseko choikidwa popanda timaso, kuti mtengo utsike. Chotsala pamenepo ndi chitetezo chimodzi chokha, choti mota ikamva kuti yagunda chinthu ibwerere.

Apa m'pamene ndimakwiya ndi amisiri ena. Chitseko chikamabwerera chokha chifukwa sipuling'i yafooka kapena njanji yauma, iwo amangokweza mphamvu ya mota pa bodi yoyendetsa motayo. Chitseko chimatsekeka, bwana amasangalala, ndalama imalowa m'thumba, mphindi khumi sizinathe. Ena amachotsa timaso tija pansi n'kutimangirira pamodzi kudenga, tiziyang'anizana mpaka kalekale. Achita chiyani pamenepa? Vuto lili pomwepo, koma chitseko achigonthetsa. Sichingasiyanitsenso njanji youma ndi msana wa mwana amene akukwawira mpira. Ine munthu wotere sindimutcha mmisiri. Kuyesa kwake n'kosavuta: goneketsani thabwa lochindikala masentimita anayi pakhomo, mudine rimoti. Chitseko chikaligunda chiyenera kubwerera nthawi yomweyo. Chikalipanikiza n'kukhala pomwepo, mphamvu yachuluka. Opanga mamotawa amalangiza kuyesa chonchi mwezi uliwonse, koma ndi angati amachita? Pali kubwerera kwina kumene kumasokoneza anthu: chitseko chimafika pansi penipeni, n'kugunda simenti, n'kukweranso. Kumeneko ndi malire oimira chitseko amene asuntha. Mota ikuganiza kuti pansi pakadali patsogolo, ndiye simenti ikuiona ngati chopinga. Akonzedwe ndi malirewo, mphamvu isakhudzidwe.

Za rimoti sizichedwetsa. Batani la pakhoma likamagwira koma rimoti ayi, sinthani kabatire kake, muonenso ngati kawaya kolandira uthenga kakulendewera bwino. Rimoti ikamagwira pokhapokha mwayandikira kwambiri, zimitsani nyale ya m'galajamo muyesenso, chifukwa mababu ena otchipa a LED amasokoneza mafunde a 433 MHz amene marimoti ambiri a kuno amayendera. Kale marimoti ankakhala ndi timaswitchi tosankhira nambala imodzi yosasintha, moti rimoti ya mnansi inkatha kutsegula galaja yanu. Njira yotchuka yosintha nambala pa kudina kulikonse, KeeLoq, inapangidwa ku South Africa komweko ndi kampani ya Nanoteq, ndipo Microchip ya ku America inaigula mu 1995. N'chifukwa chake rimoti yatsopano imafunika kuiphunzitsa ku mota isanagwire.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, tcherani khutu. Mota yolumikizidwa ku magetsi a pakhoma ikamang'ung'udza osazungulira, nthawi zambiri ndi kapasita. Ikamazungulira koma tcheni chili chiimire, tsegulani chivundikiro, mupeza tinyenyeswa toyera ta giya yapulasitiki imene mano ake atha, ndipo giya sitha mano msanga chitseko chikakhala chopepuka. Ikakhala zii, yambani ndi fyuzi. Bodi ibwere pomalizira, magetsi atazimitsidwa ndipo batire itachotsedwa. Nyerere zimakonda kufunda kwa m'bokosi la mota, nalimata nayenso amalowa n'kupsera pa bodi, ndipo m'dzinja mphezi za ku Johannesburg zimapsereza mabodi kudzera m'mawaya aatali a intakomu. Bodi yopsa imanunkha ndipo imakhala ndi banga lakuda. Wokugulitsani yatsopano akuonetseni banga limenelo, ndipo yakaleyo akusiyireni.