Calculator ya ngongole siifa, ya sayansi imathera m'sutikesi

Abale anzanga, lero ndidzudzule ife aphunzitsi a masamu, ine ndemwe ndili momwemo.

Mu 1981 kampani ya Hewlett-Packard ku America idatulutsa calculator ya anthu owerengera ndalama yotchedwa HP-12C. Mu 1982 idatulutsa inzake ya sayansi, HP-15C, yofanana nayo maonekedwe. Ya sayansiyo adasiya kuipanga mu 1989, ndipo chiyambire pamenepo imangotuluka mwa apo ndi apo ngati chikumbutso. Ya ndalamayo ikugulitsidwabe, patatha zaka zoposa 40.

Chifukwa chake sichovuta. Mainjiniya adasamukira ku kompyuta, koma mafunso a munthu wangongole sanasinthe: ndatenga zingati, chiwongoladzanja ndi chotani, ndi miyezi ingati, ndibweza zingati? HP-12C ili ndi mabatani ake a mafunso amenewa. Wogwira ntchito kubanki amaifuna tsiku lililonse mpaka kupuma pantchito.

Nanga kuno ku Kasungu? Kholo limagulitsa nkhuku kuti mwana wa Fomu 4 akhale ndi Casio ya sayansi. Mayeso a MSCE akangotha, Casio ija imalowa m'sutikesi kapena kugulitsidwa kwa wa Fomu 3. Pamenepo bambo ake apititsa mabelo ku Chinkhoma, fodya wagulidwa m'madola, ndipo pepala labwera litadulidwa ngongole ya feteleza, thiransipoti ndi misonkho. Mwana uja amadziwa sin ndi cos, koma pepala la bambo ake limamukanika. Kodi zimenezi si zamanyazi?

Sindikunena kuti mugule HP-12C, ayi. Casio yomweyo imatha ntchitoyi. Tinene kuti wakatapila wakubwereketsani K100,000 kuti mubweze ndi theka pamwamba pakutha pa mwezi, ndipo mukalephera amawerengera pa zonse. Mwezi woyamba ndi K150,000, wachiwiri K225,000, wachitatu K337,500. Batani lowerengera zimenezi lili pompo, koma ndani adamuuza mwana kuti lingapulumutse munda wa kwawo?

Anzanga ena amati silabasi ndi yaitali, nthawi palibe. Ena amati sayansi ndiyo idzatukule dziko. Sindikukana, madokotala ndi mainjiniya tikuwafuna. Koma m'kalasi mwanga si onse adzafike ku yunivesite, pomwe pafupifupi onse adzabwerekapo ndalama. Masamu a chiwongoladzanja alimo m'mabuku athu, ife timangowadutsa mothamanga. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi angati mwa ife tidalowa nayo nkhaniyo m'kalasi n'kuwerengera ndi ana mtengo wa thumba la feteleza?

Ine teremu ino ndawauza ana anga kuti aliyense apemphe pepala lakale la fodya kunyumba, tidzaphimbe dzina, tiwerengere limodzi. Inunso aphunzitsi anzanga a ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, tayesani. Mwana akatha kugwira pomwe bambo ake adadulidwa mopitirira, calculator imeneyo sadzaigulitsanso.

Ndatha ine wanu wa choko.