CHIKONGA CHA MU NDUDU ZAMAGETSI CHIYESEDWE NDI BOMA

Alimi a fodya nonse, olembetsa ndi inu amene mumalima m'maesiteti, nkhani ya mwezi uno ikuchokera ku mayiko akutali kumene fodya amasutidwa kwambiri. Maboma ambiri kumeneko aika malamulo oletsa kuchulutsa chikonga mu ndudu zamagetsi, zimene achinyamata amazitcha vepi. Ena mwa inu mukamva zimenezi mumati yayambanso nkhondo yolimbana ndi mlimi wa fodya. Ife maganizo athu ndi akuti malamulowa ndi oyenera, ndipo Boma lililonse liziyesa lokha katunduyu m'malo mongokhulupirira zolembedwa pa paketi. Werengani bwino kuti muone m'mene nkhaniyi ikufikira pa munda wanu.

Chikonga mumachidziwa kale

Chikonga, chimene m'mabuku amachitcha nikotini, ndicho chimachititsa kuti munthu alephere kuleka kusuta. Chimapangidwa m'mizu ya fodya ndi kukwera kukakhala m'masamba. Masamba a kunsonga amakhala nacho chambiri kuposa a pansi, ndipo chimaonjezeka mukadula nsonga ndi kuchotsa mphukira. Inu amene munathyolapo fodya wonyowa ndi mame kapena mvula mukudziwa chizungulire, nseru ndi kusanza kumene kumabwera madzulo ake. Chimenecho ndi chikonga cholowera pakhungu. Motero palibe amene angakunamizeni kuti ndi chinthu choseweretsa.

Mu ndudu yamagetsi mulibe tsamba. Muli batire, kawaya kotentha ndi madzi osakaniza ndi chikonga ndi zonunkhiritsa. Kawayako kakatentha, madziwo amasanduka nthunzi imene munthu amakoka. Ndudu yotereyi anaipanga mu 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China. Kusiyana kwake ndi ndudu wamba n'kumeneku: mu ndudu wamba chikonga chimabwera ndi tsamba, pamene mu vepi amathira ndi munthu wa pa fakitale, ndipo angathe kuthira chochepa kapena chambiri monga wafunira. Mu 2015 ku America kunatuluka vepi yotchedwa Juul. Eni ake anasakaniza chikonga ndi asidi wina kuti chisamakande pakhosi, ndipo anathira mamiligalamu 59 pa mililita imodzi. Zaka zochepa zitadutsa, ana a sukulu ambiri kumeneko anali atazolowera.

Malire amene maboma aika

Mayiko a mu European Union anapanga lamulo mu 2014 limene linayamba kugwira ntchito mu 2016. Lamuloli likuti chikonga chisapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, kathanki ka vepi kasapitirire mamililita 2, ndipo botolo la madzi oonjezera lisapitirire mamililita 10. Dziwani kuti mamililita 2 safika ngakhale theka la supuni ya tiyi. Britain inasungabe malire amenewa itatuluka m'bungweli. Canada inaika malire omwewa a 20 mu Julayi 2021. China, kumene mavepi ambiri a dziko lapansi amapangidwa mu mzinda wa Shenzhen, inaika malire a mamiligalamu 20 pa galamu imodzi kuyambira mu Okutobala 2022. Mayiko ena anapitirira pamenepo. India inaletseratu ndudu zamagetsi mu 2019. Australia inalamula mu 2024 kuti zizigulitsidwa m'masitolo a mankhwala mokha, ndipo Britain inaletsa zosuta n'kutaya kuyambira pa 1 Juni 2025.

Lamulo lopanda woyesa

Kulemba lamulo n'kosavuta. Ntchito yagona pa kuyesa. Ku Britain wopanga vepi amapereka yekha ku nthambi ya Boma ya MHRA chikalata chofotokoza zimene zili m'katundu wake asanayambe kugulitsa. Mu Febuluwale 2023 nyuzipepala ina inagula mavepi otchuka a Elf Bar 600 m'masitolo akuluakulu ndi kuwatumiza ku labotale. Anapezeka ndi madzi okwana mamililita 3 kapena kuposa, pamene lamulo likuti 2. Masitolo anawachotsa pa mashelefu. M'chaka chomwecho wailesi ya BBC inayezetsa mavepi 18 olandidwa kwa ana a sukulu ina ya ku Kidderminster, ndipo m'menemo munapezeka mtovu ndi zitsulo zina zoipa. M'mayeso ena, mavepi olembedwa kuti mulibe chikonga anapezeka nacho. Boma la Britain linatulutsa mapaundi 3 miliyoni m'chaka chimenecho kuti alimbikitse ntchito yogwira ndi kuyesa mavepi osaloledwa.

Inu alimi zimenezi simungadabwe nazo. Vendala akabwera pamudzi ndi sikelo yake, iye yemweyo n'kumawerenga, mumadziwa amene adzapindule. N'chifukwa chake masikelo a malonda amayesedwa ndi kudindidwa. Pa msika wa okushoni belo limasomoledwa kuti aone ngati za m'kati zikufanana ndi tikiti. Mlimi woika fodya woipa pakati pa belo amaononga mbiri ya anzake onse. Ngati mlimi wa ku Kasungu kapena ku Rumphi amaunikidwa chotere, wothira chikonga m'botolo loti lifike m'mapapo mwa munthu asiyidwe bwanji kudziyesa yekha?

Pali ena amene amatsutsa. Amati malire akakhala otsika, munthu wosuta kwambiri sakhutira ndi vepi, motero amabwerera ku ndudu wamba kapena amakagula zozembetsa. Mfundoyi ili ndi nzeru, ndipo akatswiri amakanganabe za pamene malire ayenera kukhala. Koma kaya aikidwe pa 20 kaya pamwamba pake, wogula ayenera kulandira chimene chalembedwa. Zozembetsa nazo zimagwidwa ndi woyesa yemweyo.

Tiwerenge za belo limodzi

Ena mwa inu mwamva mphekesera yakuti ndudu zamagetsi zidzatsegula msika watsopano wa fodya wa bale, poti ndi wa chikonga chambiri. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze kuti tsamba louma lili ndi magawo 3 pa 100 a chikonga. Ndiye kuti mu kilogalamu imodzi muli magalamu 30, amene ndi mamiligalamu 30,000. Vepi yotsata lamulo la ku Ulaya ili ndi mamiligalamu 40 basi. Chikonga chonse chitafinyidwa, kilogalamu imodzi ingadzaze mavepi 750, ndipo belo la makilogalamu 100 lingadzaze mavepi 75,000. Kilogalamu yomweyo ikapita ku ndudu wamba imatulutsa ndudu pafupifupi 1,400, ndiwo mapaketi 70. Vepi imodzi italowa m'malo mwa paketi imodzi, fodya wofunika angachepe kakhumi.

Komanso mafakitale ofinya chikonga, amene ambiri ali ku India ndi ku China, amagwiritsa ntchito kwambiri fumbi, zinyenyeswa ndi zotsalira za fodya. Safuna tsamba lokongola limene inu mumachezera nalo usiku posankha. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Musaonjezere munda chifukwa cha mphekesera imeneyi.

Pali chinanso. Masiku ano chikonga chikupangidwa m'mafakitale popanda tsamba ngakhale limodzi. Ku America opanga mavepi ena anathawira ku chikonga chopangachi pozemba lamulo la fodya, mpaka Boma linatseka mpatawo mu Epulo 2022 popatsa nthambi ya FDA mphamvu pa chikonga cha mtundu uliwonse. Lamulo la China la 2022 likuti chikonga cha mu vepi yogulitsidwa m'dzikomo chikhale chochokera ku fodya, ndipo chikhale choyera magawo 99 pa 100. Lamulo lotere limasungira mlimi kagawo kake, ngakhale kakhale kochepa. Koma m'botolo chikonga cha m'munda ndi cha m'fakitale n'zofanana m'maso. Labotale yokha ndiyo ingazisiyanitse. Popanda kuyesa, kagawo kameneko kadzapita osaoneka.

Muyeso ukubwera ku tsamba

Musaganize kuti nkhaniyi idzathera pa mavepi. New Zealand inapanga lamulo mu 2022 lochepetsa kwambiri chikonga mu ndudu wamba, ngakhale Boma latsopano linalifafaniza mu 2024. Mu Januwale 2025 FDA inalengeza ganizo lakuti fodya wa mu ndudu asapitirire mamiligalamu 0.7 pa galamu imodzi. Tsamba lathu lija la magawo 3 pa 100 lili ndi mamiligalamu 30 pa galamu. Maganizo amenewa akusonyeza kumene mphepo ikuombera. Ogula fodya amayesa kale chikonga ndi zotsalira za mankhwala mu tsamba, ndipo malamulo a kwawo akakhwima, zofuna zawo kwa inu zidzakhwimanso.

Kwathu kuno

Malawi analowa mu 2023 m'pangano la bungwe la WHO loona za fodya. Mavepi ayamba kuoneka m'masitolo ena a m'mizinda yathu, ndipo onse amachokera kunja. Ana anu amene munawatumiza ku sekondale ndi ku koleji ndi ndalama ya fodya ndiwo amakumana nawo. Pempho lathu ndi lakuti katunduyu aziyesedwa polowa m'dziko, a Malawi Bureau of Standards azigula mwadzidzidzi m'masitolo ndi kuyesa ngati chikonga chikufanana ndi zolembedwa, ndipo asagulitsidwe kwa ana. Katundu wokanidwa ku Ulaya amafunafuna msika wopanda woyesa. Tisalole kuti msikawo ukhale wathu.

Zoyenera kuchita

1. Limani fodya wokwanira pa chilolezo chanu chochokera ku Tobacco Commission. Musapitirire muyeso poyembekezera ogula amene sanabwere.

2. Bzalani mbeu yovomerezeka yokha. Mbeu yodzisungira imatulutsa tsamba losadziwika mphamvu yake.

3. Thirani feteleza pa muyeso umene alangizi a ARET akuuzani, dulani nsonga pa nthawi yake ndi kuchotsa mphukira. Zimenezi ndizo zimasintha chikonga mu tsamba.

4. Gwiritsani ntchito mankhwala ololedwa okha, ndipo sungani kabuku kolemba tsiku ndi muyeso umene mwathira.

5. Posankha, musaphatikize masamba a pansi ndi a kunsonga. Chotsani mapulasitiki, nthenga ndi zingwe.

6. Pewani kuthyola fodya wonyowa. Ngati mwakakamizika, valani magolovesi ndi chovala chosalowa madzi, ndipo sambani ndi sopo mukaweruka. Ana asagwire ntchito ya fodya.

7. Patulani gawo la munda mubzale soya, mtedza kapena nyemba, ndipo chimanga chokwanira banja chisasowe.

Inu eni esiteti, werengerani antchito anu nkhaniyi ndipo muwapatse zovala zodzitetezera. Inu a m'makalabu, kambiranani pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mafunso amene mungakhale nawo mupite nawo kwa mlangizi wa dera lanu nazale zisanafesedwe.