Musachinyoze chiphakasa, yambani mwasuzumira kunsi kwake

Tsiku lina pagalaja ina ku Limbe ndinapeza anyamata akuseka galimoto ya alendo odzaona dziko. Inali Volkswagen Kombi yakalekale, penti atasuluka, m'kati muli bedi, kabati ndi kachitofu kophikira. "Azungu ndalama ali nazo, nanga akuvutikiranji ndi chiphakasa?" anatero mmodzi. Makaniko wachikulire sanayankhe. Anatsegula kumbuyo komwe kuli injini, nasintha lamba, ndipo ola lisanathe alendo aja anali atauyamba wa ku Mangochi.

Inetu ndikuti oseka aja ndiwo anaphonya. Kombi inayamba kupangidwa ku Germany mu 1950, ndipo yomaliza inatuluka m'fakitale ku Brazil mu 2013. Kampani ya Westfalia ndiyo inatchuka poziika mabedi ndi makabati kuti munthu azigona momwemo paulendo. Zakalezo injini yake imazizira ndi mphepo, ilibe radiyeta yoti n'kudontha madzi. Land Rover, yomwe inayamba mu 1948, bodi yake ndi ya aluminiyamu wosachita dzimbiri. Mpaka lero kunjako anthu amalimbirana galimoto zoterezi pamitengo yoopsa.

Chinsinsi chake n'chakuti munthu wa sipanala ndi nzeru angathe kuzikonza paliponse, kaya ku Ndirande kaya kumudzi.

Tsono taonani ife amalonda. Tikapata pang'ono timaitanitsa yonyezimira ya ku Japan, titangoiona pachithunzi. Ikadwala, makaniko akuti mpaka aiike pakompyuta, ndipo kachitsulo kofunikako kachokere ku Johannesburg kapena ku Dubai. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani sadziwa ululu wogula katundu wa kunja? Zingati zagona pamiyala m'mipanda ya ku Chilomoni ndi Bangwe, penti akuwalabe? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti chakale chilichonse n'chabwino, ayi. Zambiri zimamwa mafuta ngati chidakwa, zimafuka utsi, ndipo pangozi sizitchinjiriza munthu monga zimachitira zamakono. Land Rover yomweyo chasisi yake ndi yachitsulo, ndipo dzimbiri likadya pamenepo ndiye kuti mwagula maliro.

Choncho musanatulutse ndalama ya mpamba wanu, tengani makaniko amene mumamukhulupirira. Alowe kunsi, agogode chasisi, amvetsere injini ikadali yozizira m'mawa. Kenaka yendani m'mashopu a ku Limbe mufunse ngati zipangizo zake zimapezeka, ndi mtengo wake. Penti muyang'ane pomaliza.

Ndipo inu amene galimoto ya malemu bambo anu ikuolera kuseri kwa nyumba, musathamangire kuigulitsa pa kilo kwa ogula zitsulo. Yambani mwafunsa odziwa.